Mmene Malemu Akalaliki Analowera mu Fayilo ya CSV

Kuseri kwa kauntala ya sitolo ya zipangizo zomangira nyumba kuli kachipinda kopanda windo, konunkha simenti ndi penti. M'menemo ndi momwe mumagwira ntchito Mayi Kalaliki. Dzinali poyamba silinali lawo. Linali la amuna awo, amene anakhala pa mpando wa m'kachipindamo zaka zambirimbiri akulemba za makasitomala ndi katundu. Amuna aja atatsamira mkono, mayiwo analowa chokolo cha zonse: mpando, kompyuta, kapu ya tiyi yothyoka chogwirira, ndi dzina lomwe.

Malemu Akalaliki anali munthu wosunga mawu ngati amachita kugula. Akafika kunyumba madzulo n'kuwafunsa kuti kuntchito kunali bwanji, ankayankha kuti, "Kunali." Akadwala ankati, "Zitha." Pofunsira mayiwa, anangofika pamalo pomwe ankaphunzira kutayipa ali mtsikana, n'kuima pakhomo masana angapo osanena kanthu, mpaka mtsikanayo anatopa n'kuwafunsa yekha ngati akufuna banja. Iwo anati, "Eya." Ana awo awiri anakula akuganiza kuti bambo aliyense padziko ndi wotero. Pamaliro, mbale amene anapatsidwa ntchito yonena mbiri ya malemu anavutika kwambiri, chifukwa panalibe mawu ngakhale amodzi oti anene kuti malemuwa ankakonda kunena.

Mwini sitolo, amene aliyense amangowatchula kuti Abwana, anayamba bizinesiyo limodzi ndi malemu ikadali kashedi ka malata. Maliro atatha anapita kunyumba kwa mayiwa, n'kuwapeza akusoka makatani a anthu pakhonde.

"Alamu," anatero Abwana, "chipepeso chimatha mwezi usanathe. Paja munaphunzira kutayipa. Bwerani mudzakhale pa mpando wa achimwene."

Anapita. Ntchito yonse ya malemu inali mu sipuredishiti imodzi, tebulo lalikulu la pa kompyuta lokhala ndi timabokosi tosawerengeka, kasitomala aliyense mzere wake. Mizere ina inali yopakidwa chikasu, ina yobiriwira, ina yofiirira, ndipo tanthauzo la mitunduyo linapita kumanda ndi mwini wake. Koma pakona ya timabokosi tambiri ta mayina panali kadontho kofiira. Tsiku lina mayiwa anaimitsa mausi pa kadontho kamodzi mwangozi, ndipo panatumphuka kakalata. Unali mzere wa wamipope, bambo wina wodzitama amene amabwera kudzagula mapaipi.

"Ntchito amaidziwa, koma musamuuze. Mutu ndi waukulu kale."

Mayi Kalaliki anangoti kukamwa yasa. Anasunthira pa dzina la wowotcherera zitsulo. "Samva khutu lakumanzere. Si mwano." Pa abusa a tchalitchi chomwe chakhala chikumangidwa kuyambira kalekale: "Amayamba ndi pemphero kuti mtengo utsike. Tsinzinani, nenani ameni, mtengo musatsitse."

Munthu uja wa "kunali" ndi "zitha" anali ndi pakamwa. Anangopasiya kuntchito. Masana onsewo mayiwa anawerenga timakalatato kamodzikamodzi, akuseka okha mpaka misozi, kenako mtima unawapsa. Anayang'ana sikirini n'kunena mokweza kuti, "Mawu onsewa munali nawo, ine n'kumandigawira zinyenyeswa?" Wogulitsa pa kauntala anasuzumira, anaona kuti m'chipindamo mulibe munthu wina, n'kubwerera mwakachetechete kukauza anzake kuti umasiye wayamba kuwazunguza mutu.

Siinali misala. Kunena zoona, m'kachipindamo ndi momwe mayiwa anadziwana ndi amuna awo. Kasitomala akalowa, ankayamba afunsa malemu kuti ameneyu ndani, malemu n'kuyankha, ntchito n'kuyenda. Ankapita kuntchito ngati munthu wopita kukacheza, atadzola mafuta bwinobwino. Ana awo ankadabwa kuti mayi awo achira msanga. Mayiwo sankaona chifukwa chowafotokozera kuti bambo awo akadali pa ntchito.

Zinayenda choncho mpaka kunabwera Akauntanti. Anali mwana wa mchemwali wake wa Abwana, mayi wachitsikana wodekha, wodziwa ntchito yake, woti akamakufotokozera chinthu sakupangitsa kudziona wopusa. Abwana anali atagula kompyuta yatsopano ndi pulogalamu yosunga maakaunti, yomwe imalemba yokha mainvoisi, makalata oonetsa ndalama zoti munthu alipire, n'kumawatumiza ku mafoni a makasitomala. Chomwe chinatsala chinali kusamutsa makasitomala onse kuchoka mu sipuredishiti ya malemu kupita m'nyumba yatsopanoyo.

"Mayi, pulogalamu iyi ndi yosankha zakudya," anatero Akauntanti atakoka mpando. "Sipuredishiti yanuyi momwe ililimu singaimeze. Imafuna fayilo ya CSV."

"Ndiye chinyama chanji chimenecho, mwanangu?"

"Ndi tebulo lomweli, koma litavula zonse. Mumangokhala mawu ndi manambala basi, olekanitsidwa ndi tizizindikiro ta mpatuliro. Poseva mungosankha mtundu wa fayilo, pansi apa, mupeze pomwe palembedwa CSV. Ikufunsani ngati mukuvomera kuti zina zitayike. Inu mudine kuti eya."

"Zina zake ziti?"

"Zokongoletsa. Mitunduyi imatsala. Masamu amene amadziwerengera okha m'timabokosimu amasanduka manambala wamba. Ndipo imatenga tsamba limodzi lokha, lomwe mwatsegulalo."

"Nanga timadontho tofiirati?"

"Timatsalanso."

"Kutsala kuti?"

Akauntanti anawayang'ana, ndipo anazindikira kuti funsolo silinali la kompyuta. Nkhani ya timakalata anali ataimva kale kwa a pa kauntala. Anatsitsa mawu. "Fayilo yakaleyo sifufutika ayi, mayi. CSV imakhala ina yapadera. Kompyuta yakaleyi amalume akuigulitsa, koma ndikuikirani fayilo yonse pa fulashi, mupite nayo kunyumba."

"Kunyumba kulibe kompyuta," anatero Mayi Kalaliki. "Ndiponso kunyumba bambo anu aja sankayankhula."

Akauntanti anabwerera ku za ntchito. Anangowasiyira fayilo yachitsanzo, yopanda kanthu koma mitu ya makolamu pamwamba: dzina, foni, keyala, ndi zina zotero. Anati zonse za m'tebulo lakale zikopedwe pansi pa mitu imeneyo, mutu uliwonse zake, osasintha ngakhale chilembo pa mituyo, chifukwa pulogalamu ikapeza mutu wachilendo imangokana fayilo yonse. Kumapeto kwenikweni, kudzanja lamanja, kunali kolamu ya mutu wakuti ndemanga.

"Iyo isiyeni yopanda kanthu. Ndi yosafunikira," anatero akunyamula chikwama chake.

Masiku oyamba Mayi Kalaliki anasanduka Zengerezu. Lero maso akuwawa, mawa mausi ikuvuta, mkuja kwabwera katundu wambiri. Kangapo anafika mpaka pa funso lija. Kompyuta inkafunsa m'Chingerezi chake chaulemu ngati akuvomera kuti zina zitayike, iwo n'kudina kuti ayi, n'kupita kukaphika tiyi. Abwana ankadutsa pakhomo n'kutsokomola. Kenako anasiya kutsokomola n'kunena poyera kuti wogula kompyuta yakale abwera sabata yamawa, itatha ntchito kapena isanathe.

Ndi pamenepo maso a mayiwa anagwera pa kolamu yopanda kanthu ija. Sanafunse kuti ndi ya chiyani. Munthu ukakhala ndi mlendo wosowa pogona, n'kupeza chipinda chopanda munthu, sufunsa mafunso ambiri. Anaganiza bwinobwino, ndipo maganizo awo anali olondola mbali imodzi: CSV imataya timakalata tobisala pakona, koma sitaya mawu olembedwa m'kabokosi penipeni. Ngati mawu a malemu atatuluka pakona n'kukhala m'kolamu ngati mawu ena onse, adutsa pachipata popanda wowafunsa chiphaso.

Nthawi ya nkhomaliro anzawo akatuluka, iwo ankatsala akukopera timakalatato, kalikonse kumapeto kwa mzere wa mwini wake. Sanakonze kanthu. Pomwe malemu anaphonya chilembo, iwonso anasiya chophonyekacho. Atamaliza anasankha CSV, funso lija linabwera, ndipo ulendo uno anadina eya. Anatseka fayiloyo n'kuitsegulanso kuti aone. Inali mbuu, yopanda mtundu, timabokosi tothinana ngati anthu a m'basi. Koma atasunthira kumanja anapeza amuna awo ali pomwepo, mzere uliwonse, akunena zawo.

Akauntanti anabwera n'kulowetsa fayilo mu pulogalamu. Anayerekeza mayina ngati akwana, anaona manambala ngati akugwirizana ndi a m'tebulo lakale, ndipo zonse zinali bwino. Kumanja kwenikweni sanayang'aneko, poti munthu sayang'ana m'chipinda chomwe anatseka yekha. Pulogalamu inaonetsa kachizindikiro kobiriwira. "Mayi, mwaposa anthu a masatifiketi," anatero. Mayiwa anayankha modzichepetsa kuti ndi chisomo chabe. Kompyuta yakale inanyamulidwa tsiku lotsatira.

Masabata otsatirawo anali okoma. Mu pulogalamu yatsopano, akatsegula dzina la kasitomala, mawu a malemu ankaoneka m'kabokosi ka pansi popanda kuwasakasaka ndi mausi. Mayiwa ankaona kuti amuna awo akwezedwa pa ntchito.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mwezi utatha, pulogalamu inachita ntchito yomwe anaigulira. Inalemba invoisi ya kasitomala aliyense n'kuitumiza ku foni yake, m'mawa sitolo isanatsegulidwe. Kabokosi ka ndemanga kaja ndi komwe kamasindikizidwa pansi pa invoisi, pamalo pomwe masitolo ena amalemba kuti zikomo pogula kwathu, mudzabwerenso.

Woyamba kufika anali abusa, foni ili m'manja. Anaima pa kauntala n'kuwerenga mokweza, ndi mawu awo a paguwa, mpaka pa "mtengo musatsitse". Anafunsa ngati amenewa ndi maganizo a sitolo yonse. Wogulitsa pa kauntala anati akafunse. Asanafunse n'komwe analowa wamipope, amene sankadziwa ngati akwiye kapena anyade, ndiye ankachita zonse ziwiri, akuonetsa foni kwa aliyense kuti aone pomwe palembedwa kuti ntchito amaidziwa, chala chachikulu chitaphimba mawu otsatirawo. Kontirakitala wina anaimba foni kufunsa chomwe akutanthauza ponena kuti mawu ake akuti "mawa" alibe chaka. Mayi wina wopenta nyumba anabwera kudzanena kuti iye si wamiseche, n'kukhala pa kauntala ola lathunthu akufotokoza amene ali amiseche enieni m'deralo.

Mayi Kalaliki anamva zonsezi ali m'kachipinda kawo, manja ali pamwendo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Amuna awo anayenda ulendo wosabwerera atasiya mlomo, ndipo mlomowo unatsata akazi awo. Manyazi anawagwira, mantha a ntchito anawagwiranso. Koma pansi pa zonsezo panali kanthu kena komwe sakanauza munthu: ankanyadira. Msewu wonse unali ukumva mawu a mwamuna amene anthu ankati alibe nkhani.

Chapakati pa phokosolo panalowa kalipentala wina wachikulire, munthu wosakonda zoyankhula. Sanaime pa kauntala. Anagogoda pa chitseko cha kachipinda, chipewa chili m'manja, n'kuwapatsa mayiwa foni. Pansi pa invoisi yake panalembedwa kuti, "Akazi ake akudwala. Musawafunse, mungowapatsa mpando."

"Akazi angawo anatisiya chaka chatha," anatero kalipentalayo. "Ine ndinkadabwa kuti anzanga onse amaima, ine ndekha ndikupatsidwa mpando. Ndinkayesa ndakalamba." Analoza mawu aja pa foniyo. "Mungandisindikizireko pa pepala? Foniyi ndi ya mwana wanga."

Anamusindikizira. Anapinda pepalalo kanayi n'kuliika m'thumba la malaya.

Zikanathera pamenepo mwina Abwana akanaseka. Koma panali mzere wina womwe mayiwa anaukopera limodzi ndi inzake osaganiza kawiri, wa mlongo wake wa akazi a Abwana, amene amatenga katundu pa sitolopo ngati kwawo. Pansi pa invoisi yake panali mawu akuti, "Mlamu wa Abwana. Akabwereka makwerero sabweza. Abwana amamuopa."

Mlamuyo sanabwere. Anangotumiza invoisiyo kwa mlongo wake, mlongo wakeyo n'kuimbira foni mwamuna wake. Abwana anaiyankhira panja, kuseri kwa mulu wa malata, ndipo ngakhale anthu sanamve mawu, anaona mmene ankagwedezera mutu kwa munthu yemwe sankawaona. Atamaliza analowa m'kachipinda muja n'kutseka chitseko. Akauntanti anali atafika kale, ataitanidwa mwamsangamsanga.

"Amalume, mlanduwu ndi wanganso," anayamba Akauntanti. "Sindinawauze kuti kolamu ija imapita kwa makasitomala, ndipo polowetsa sindinaiyang'ane."

Abwana anakweza dzanja. Maso awo anali pa mayiwa.

"Alamu, achimwene ankandiona choncho? Kuti ndimaopa mlamu wanga?"

"Ndi momwe analembera."

Abwana anapumira m'mwamba. "Sananame," anatero. "Munthu uja sankanama. Koma madzi akatayika saoleka, ndipo ine usiku uno ndikagona kunyumba komweko. Ntchito yanu sindikuichotsa. Koma mawu amenewa achoke onse, lero."

Akauntanti anayesa. Anati mu pulogalamumo muli kabokosi kena ka m'kati, komwe makasitomala sakaona, ndipo mawuwo akhoza kusamukira kumeneko.

"Ayi," anatero Abwana. "Lero ka m'kati, mawa wina wadina molakwika, ndiye ndizikabisalanso kuseri kwa malata? Mu kompyuta yanga musatsale liwu ngakhale limodzi. Achimwene ndinkawakonda, alamu, mukudziwa. Koma agwira ntchito yawo, yakwana."

Umu ndi momwe malemu Akalaliki anachotsedwera ntchito, atamwalira kale, chifukwa cha kuyankhula kwambiri.

Abwana atatuluka, Akauntanti anasendeza mpando pafupi. Ananong'ona kuti amalume ake sadziwa n'komwe potsegulira pulogalamuyo, ndipo kabokosi ka m'kati kaja sangakapeze ngakhale atakasaka chaka chathunthu.

Mayi Kalaliki anaganiza. Mtima unkafuna, asaname. Koma anapukusa mutu.

"Ayi mwanangu. Munthu uja analowa pano masana, anthu akuona. Sindingamusunge ngati wakuba kuseri kwa chitseko, n'kumanjenjemera Abwana akatsokomola. Wandichitira chifundo, koma zisiye."

"Ndiye ndingofufuta kamodzi. Ndi kungodina pamodzi, zonse zipita."

"Ndifufuta ndekha."

Akauntanti anawaonetsa pofufutira, anawasiyira fulashi patebulo muli fayilo yakale ija ndi mitundu yake yonse, n'kutuluka.

Ntchitoyo inatenga masana onse, chifukwa mayiwa sanafufute kanthu asanakawerenge. Ankatsegula dzina, kuwerenga mawuwo pang'onopang'ono milomo ikugwedera, kuwafufuta, kuseva, n'kupita pa dzina lotsatira. Pena ankaseka. Pa dzina la munthu wina wogula misomali, amene iwo sanamuonepo n'komwe, panangolembedwa kuti, "Wabwino." Anakhala nthawi yaitali pamenepo. Kunja malonda ankapitirira, matumba a simenti akugwa m'galimoto, wina akukangana za kukula kwa paipi.

Atafika pa dzina lomaliza anabwereranso pamwamba kuti aone ngati palibe chotsalira, poti ndi munthu wosakonda ntchito ya theka. Panalibe. Dzina, foni, keyala, ndi kabokosi koyera pansi pake, kasitomala aliyense chimodzimodzi. Fayilo inali yaukhondo momwe pulogalamu imafunira.

Pamaliro paja analira monga amalirira mkazi aliyense, anthu atamugwira mapewa, nyimbo zikuimbidwa. Koma umasiye weniweni unawapeza pamenepa, masana, m'kachipinda kopanda windo, popanda wowagwira phewa. Anazindikira kuti mawa abwera kuntchito ndipo apeza ntchito basi. Anagwira kukamwa ndi nsalu kuti a pa kauntala asamve, n'kulira mpaka m'chifuwa munawawa.

Chitseko chinagogodedwa. Anali wogulitsa pa kauntala, akuyankhulira kunja.

"Mayi, kwabwera kasitomala watsopano, akufuna timutsegulire dzina. Ndimuuze adikire?"

Mayi Kalaliki anapukuta m'maso, anamina, n'kukokera kiyibodi pafupi.

"Muuzeni alowe," anatero. "Ndimuone ndekha kuti ndi munthu wotani."